Mfumu ya mlongo wanga

Mlongo wanga anaimba foni Lamulungu masana, ine ndikuchokera kutchalitchi, nsapato zili m'manja chifukwa zinali zitandiluma. Masiku amenewo mzere wathu wonse wa nyumba ku Mandava, komboni ya pamgodi m'dziko la Ashona, unali ndi foni imodzi, ya mayi wina wogulitsa makala, ndiye ukaimbiridwa nkhani zako ankamva ndi onse. Mlongo wangayu ndi wondipondera pamutu. Ankakonza magetsi pamgodi, koma malipiro atasanduka mapepala wamba anathawira ku Joni, ndipo kumeneko anapeza ntchito yokakonza majenereta pa chilumba china cha m'nyanja ya Pasifiki. Ife tinkangoti ali kumadzi.

"Asisi," anatero, "mfumu yathu ndani?"

Ndinaseka. M'mashopu munalibe ngakhale mchere, ine ndimayembekezera kumva za ufa ndi sopo, iye n'kumandifunsa za mafumu. Ndinamufunsa ngati dzuwa la kumeneko lamuphika mutu.

Sanaseke. Anati wapeza mkazi ndipo akufuna kumanga banja. Pa chilumbapo pali tsiku limodzi pachaka limene masukulu ndi maofesi amatseka kuti anthu alemekeze mafumu awo, chifukwa kumeneko mfumu ndi imene imagawa malo, kuweruza milandu ndi kuvomereza maukwati. Mfumu ya kwa mkaziyo inamuuza kuti pa tsikulo adzaimirire pagulu n'kutchula mudzi wake ndi mfumu yake, kuti mafumu awiriwo atumizirane mawu. Akatero, mkazi adzaloledwa kupita naye kwawo kwa mwamuna nthawi ikadzakwana.

"Nanga ukapanda kutchula?"

"Akuti munthu sakhala wopanda mfumu. Andilowetsa m'mudzi mwawo, ndikhala wawo mpaka kalekale."

Panali patatsala milungu itatu. Ndinamuuza kuti asade nkhawa, dzina si ng'ombe yoti mpaka tikagule.

Bambo ndinawapeza pakhonde akusoka nsapato ndi waya. Iwo anachoka ku Dedza wapansi ali mnyamata, nagwira ntchito pansi pa mgodi mpaka chifuwa chitawakana. Ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera, kenako anati mudzi akuudziwa, mfumu akuidziwa, koma si yathu.

"Imeneyo ndi mfumu ya ine ndi ana a alongo anga. Inu ndinu a kwa amayi anu. Anapiye amatsata thadzi, satsata tambala."

Zaka zonsezi anatiphunzitsa Chichewa ndi khofi, osalola kuti tiwayankhe m'Chishona, lero n'kumati sitili awo. Chitupa changa chenichenicho chinali ndi chilembo chonena kuti ndine mlendo m'dziko limene ndinabadwira, ndipo chilembocho chinabwera chifukwa cha iwo. Ndinawauza zimenezo. Anangopitiriza kusoka.

Amayi anali atamwalira kale. Iwo anali Mkaranga, mtundu wa Ashona, wa cha ku Mberengwa, choncho ndinanyamuka kukaonana ndi mlongo wawo, amene ife timawatchula kuti asekuru. Makombi, maminibasi a kwathuko, kunalibe chifukwa chosowa mafuta. Ndinakwera lole ya miyala, kwinako ndinamaliza ndi miyendo. Asekuru anandilandira ndi manja awiri, anandipatsa maheu, n'kumanditchula muzukuru, mwana wa mlongo wawo, uku akundinyogodola kuti ndanenepa pa njala. Nditatula nkhani yanga anaseka mpaka misozi.

"Muzukuru, pano ukhoza kuba nkhuku, sitingakufunse. Koma mfumu? Bambo ako anapereka ng'ombe kuno, ndipo tinadya. Mwana ndi wa kumene kunachokera ng'ombe. Ndikapita kwa mfumu kukanena kuti mwana wa Mmalawi ndi wathu, andifunsa ngati ndamwa."

Sananene mwankhanza ayi, ndipo n'chimene chinandiwawa kwambiri. Pobwerera ndinakhala pamwamba pa matumba a munthu wina ndikungodzifunsa kuti zatheka bwanji. Mitundu iwiri, uliwonse ukulondola mwambo wake bwinobwino, ndipo uliwonse ukupereka ana kwa unzake mwaulemu. Ndinali ndi zaka zoposa makumi atatu, ana anga awiri, koma sindinkadziwa kuti sitili a munthu aliyense. Palibe anali atatifunsapo. M'komboni mfumu yathu inali belu la pamgodi.

Nditafika kunyumba sindinagwade n'komwe. Pakamwa panga ndimapadziwa, ndipo tsiku limenelo ndinapamasula. Ndinati bambo, mwana wanu akumira inu mukuonerera. Ndinati kungotchula dzina kukuchotserani chiyani, kodi mfumuyo ikumvani kuchokera ku Dedza? Anthu a mumzere anatuluka m'nyumba, ena atanyamula madengu ngati ali ndi kopita.

Bambo anandilowetsa m'nyumba n'kutseka chitseko.

"Ukuganiza kuti kalata ya kumadziko ikafika kwathu ayankha chiyani? Amayi anga anamwalira, sindinapite. Malume anga anamwalira, sindinapite. Kumeneko ndine mtchona. Adzayankha kuti munthu ameneyo sitikumudziwa, ndipo mwana wanga adzawerengeredwa zimenezo pamaso pa apongozi ake."

Sindinkadziwa kuti agogo anamwalira bambo osapita kumaliro. Ankatiuza kuti anapita ife tili aang'ono.

Masiku anatha tisakulankhulana. Mlongo wanga anaimba kawiri, ine n'kumangomuuza kuti dikira, mudhara, bambo athuwo, afewa. Tsiku lenilenilo litakwana, bambo anadzuka m'mawa, anasamba, navala jekete yawo ya kumaliro ndi chipewa. Anati tiye kufoni. Anati aganiza, kuli bwino akanidwe kwawo kusiyana n'kuti iwo akane mwana. Ndinatsala pang'ono kuvina. Tinadikira mpaka mayi wa makala atatsegula, kenako tinabipa monga tinkachitira, ndipo mlongo wanga anaimba nthawi yomweyo. Kumbuyo kwake kunkamveka ng'oma ndi anthu akuimba.

Bambo anavula chipewa, natchula mudzi ndi dzina la mfumu pang'onopang'ono, kawiri. Aka kanali koyamba ine kulimva. Foni ija inali yaphokoso, moti ndinamva yankho lonse.

"Bambo, kuno dzuwa likulowa. Mwambo unachitika m'mawa."

Mayo ine. Ndinkadziwa kuti kumeneko kumacha msanga, anali atandiuzapo, koma m'mutu mwanga ndinkaona ngati ndi nkhani ya ola limodzi kapena awiri. Ife tinali tikuwerenga tsiku pa kalendala ya pakhoma, pamene iwo anali atalidya kale. Ndinakhala pa thumba la makala.

Anafotokoza mwachidule. Anati anadikira foni mpaka atamuitana. Anaimirira pamaso pa mafumu ndi khamu lonse, n'kunena kuti alibe mfumu. Amayi ena achikulire anayamba kulira ngati pamaliro, chifukwa anali asanaonepo munthu wamkulu wopanda kwawo. Kenako mfumu ija inatsika pampando, inamugwira dzanja, inamupatsa dzina latsopano ndi munda. Anati anthu anamukumbatira mmodzimmodzi. Mawu ake ankamveka ngati a munthu wokondwa amene akuchita manyazi kuti wakondwa.

Mayi wa makala anasiya kuyeza makala ake.

"Nanga ukadzamwalira adzakuika kuti?" bambo anafunsa.

"Konkuno, bambo. Malo andisonyeza kale."

Ndinkaganiza kuti akalipa, kapena agwa. Koma anandipatsa foni kuti ndiwagwirire pafupi ndi pakamwa, anagwada pa dothi lakuda lija ndi jekete yawo, n'kuwomba m'manja katatu monga amachitira munthu pamaso pa mfumu.

"Ukawathokoze mafumuwo," anatero. "Ukawauze kuti bambo ako akuti zikomo pomutola mwana."

Anadzuka okha, osalola kuti ndiwagwire mkono, n'kuyamba kubwerera kunyumba chipewa chili m'manja. Mlongo wanga sanabwerenso, ngakhale pa maliro awo.