Dzina la a Rabisake

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha maso a abusa a Makwinja. Anali atayamba kuona mwachimbuuzi, ndiye nditangomaliza sukulu ya Baibulo anandiitana ku Limbuli kuti ndiziwawerengera mabuku pokonza maulaliki. Zida zinali zitatu: Baibulo, konkodansi yopezera pamene dzina latchulidwa, ndi dikishonale ya Chihebri yothothoka chikuto. Lamulo lawo linali lakuti, "Dzina usalikometse, usaliipitsenso."

Ndinkaziona zophweka mpaka pamene anamwalira a Rabisake, bambo amene ankaphikira tiyi anthu othyola masamba ku esiteti. Kwathu pamaliro timanena mbiri ya womwalirayo, ndipo akazi awo anapempha kuti tifotokozenso dzinalo. "Apongozi anangolitola m'Baibulo," anatero. "Mkazi wa mwana wanga ndi woyembekezera, tikufuna mwanayo atengere dzina la agogo ake."

Nditatsegula konkodansi, ndinapeza kuti m'Baibulo Rabisake anali mtumiki wa mfumu ya Asuri, amene anaima kunja kwa linga la Yerusalemu n'kumanyoza Mulungu. Ndikanene zimenezo kwa mayi wamasiye? Ndinapempha abusa kuti tingodumpha. Anakana. "Wawerenga buku limodzi lokha. Tsegula linalo."

Dikishonale inati mwina silinali dzina la munthuyo n'komwe, koma udindo: mkulu wa operekera chikho kwa mfumu. Akatswiri ena amati ndi mkulu wa asilikali, sagwirizana.

Pamaliropo ndinanena zonse: za kunyoza kuja, za udindowo, komanso kuti zenizeni sitikuzidziwa. Mlamu wa malemuwo anang'ung'udza kuti ndanyazitsa banja, ine mumtima ndinati dzinali ndalipha ndi pakamwa panga.

Titabwerako kumanda, mayi aja anandiitanitsa.

"Aphunzitsi, nanga wonyoza uja dzina lake lenileni ndani?"

"Ngati lija ndi udindo, mayi, ndiye kuti lake silinalembedwe."

"Basitu, lake linaiwalika. Ili ndi la amuna anga. Chikho anaperekadi, dzuwa ndi mvula yomwe, osanyoza munthu."

Ndinachita manyazi, komanso mtima unakhala pansi. Kuyambira pamenepo sindiwasankhira anthu choonadi ngati kuti sangathe kuchisenza. Ndimanena zolembedwa, ndi pamene nzeru zathu zathera. Mwana uja anabadwa wamwamuna. Lero amaimba m'kwaya ya ana, ndipo ndikamaitana mayina ndimatchula Rabisake mosadodoma.