Moto umene a Kalenga anakana kujambula

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anamwalira. Dothi la pamanda lisanaume, abambo aakulu, mchimwene wawo wa bambo, anabwera kudzatenga ngolo ndi ng'ombe zathu ziwiri. Bambo anali mkamwini kwathu, kufupi ndi Dzaleka, ndiye abale awo anati chilichonse chimene anakhetsera thukuta n'chakwawo. Amayi anangokhala pakhonde, mpango wakuda uli kumutu. Ine ndinakakamira chingwe cha ng'ombe mpaka chinandisupula m'manja.

Chowawa kwambiri chinali chakuti ngoloyo sinapite kutali. Tsiku lililonse la msika inkadutsa kuseri kwa nyumba yathu itadzaza kabichi ndi mbatata, abambo aakulu ali pamwamba ndi chikwapu. Kumbuyo kwake kunali kukadali nkhunda yoyera imene bambo anajambulitsa. Ife chimanga tinkachita kusenza pamutu.

Ku Sande Sukulu ndinasiya kukhala ndi atsikana anzanga. Ndinkawerenga masalimo okhawo opempha Mulungu kuti akanthe adani, ndipo paliponse ponena za woipa ndinkaikapo dzina la abambo aakulu. Fanizo la munthu wachuma ali m'moto, akupempha dontho la madzi, linkanditsekemera ngati nzimbe.

Amene anajambula nkhunda ija anali a Kalenga, bambo wothawa nkhondo wa mu kampu ya Dzaleka, amene ankalemba zikwangwani za magolosale ndi za ometa tsitsi. Loweruka lina ndinapita kwawo ndi mtedza m'chitenje, ndi kathabwa kamene ndinatola kwa kalipentala.

Chipinda chawo chinkanunkha penti ndi palafini. Zikwangwani zinali panja, koma m'kati munali zithunzi zimene sankagulitsa. Ndinali ndisanaonepo zoterozo. Pa chilichonse panali munthu mmodzi yekha. Pena mayi ataima pachitseko chopanda nyumba, pakati pa tchire. Pena mwamuna atafulatira, akuyang'ana mtsinje wofiira wopanda tsidya lina. Palibe amene ankalira. Onse ankaoneka ngati akumvetsera kanthu kena m'chifuwa mwawo.

"Mundijambulire abambo aakulu ali m'moto," ndinatero. "Lilime lili panja. Chithunzicho ndikachikhome pamtengo wa kumsewu, azichiona akamadutsa."

"Moto wake ufike pati, mwana wanga?"

"M'khosi."

"Nanga ng'ombe? Nazo zipse?"

"Ayi. Ng'ombe sizinalakwe."

Anaseka pang'ono, kenako anati ndifotokoze zonse kuyambira pa chingwe. Ndinayankhula nthawi yaitali, iwo akusenda mtedza n'kumandiyang'ana. Pomaliza anati ndibwere Loweruka linalo.

Sabata imeneyo ndinazula misomali inayi pakhola lopanda ng'ombe lija, n'kuiwongola ndi mwala. Mtengo wokhomapo ndinali nditausankha kale.

Nditabwerera, anandipatsa kathabwa kaja. Panalibe moto. Panalibenso abambo aakulu. Panali phiri lopanda mtengo, thambo lofiirira ngati nthawi ya lupsa, ndi mtsikana atakhala yekha, atakumbatira mwala waukulu monga amakumbatirira khanda. M'manja mwake munali mosupuka. Kumbuyo kwake, chapatali, kunatera nkhunda yoyera, koma iye anali ataifulatira.

"Abambo aakulu ali pati?"

"Amenewo sindikuwadziwa. Amene ndinamuona ndi iwe."

Ndinawatcha abodza, mwana ine kunena munthu wamkulu. Ndinawauzanso kuti andidyera mtedza. Sanakwiye. Analoza mayi wa pachitseko uja.

"Uyo ndi mkazi wanga. Amene anatichita zimenezi pa nkhondo ija nkhope zawo ndikuzidziwa, mpaka chipsera cha pachibwano. Ndikhoza kuwajambula lero lomwe. Koma ndikatero ndizigona nawo muno, ndizidya akundiyang'ana. Anandilanda nyumba imodzi. Ino sindiwapatsa."

Sindinamvetse kanthu tsiku limenelo. Kathabwako ndinakaponya m'ngalande pobwerera. M'mawa mwake mitambo itayamba kuda ndinathamanga kukakatola, sindikudziwa chifukwa chake, ndipo ndinakabisa pansi pa mphasa. Kanakhala komweko zaka zingapo. Nthawi zina ndinkakatulutsa n'kumamuyang'ana mtsikanayo, ndili wokwiya naye chifukwa chosatembenuka.

Abambo aakulu sanabweze ngolo. Inathyoka mateyala, inawolera pabwalo pawo. Iwo anamwalira ine ndili kale pabanja, osapepesa amayi ngakhale ndi liwu limodzi. Sindinama pamaso pa Mulungu: mlaliki akamanena za tsiku la chiweruzo, ameni wanga amatuluka mwamphamvu kuposa wa anzanga a m'chigwirizano. Mlandu wa mkazi wamasiye uja uli kumwamba, ndipo Woweruza wake salandira nkhuku. Ndikufunabe kuti auzenge.

Koma tsopano ndikudziwa zimene a Kalenga anaona. Chaka chonse chija abambo aakulu ankayenda pangolo, kudya, kuseka ndi anzawo kumsika. Amene anali yekha paphiri, atakumbatira mwala, ndinali ine, ndipo palibe amene ananditumako.

Kathabwa kaja kali pakhoma la kuchipinda kwanga, pamene ndimagwada popemphera. Ndinakakhoma ndi misomali inayi yomwe ija. Moto ndinausiyira Mwini wake. Pakhoma langa abambo aakulu palibe.