Zala Zinayi pa Mapu

Anzanga, Shigeto ndinakumana naye pabwalo la ndege ku Sapporo, tsiku lomwe chipale chofewa chinatitsekereza tonse. Ine ndimabwerera kwathu ku chilumba cha Rishiri, iye kwawo ku Nakashibetsu komwe amaweta ng'ombe za mkaka.

Titacheza, anandikokera pa mapu a pakhoma n'kuyala dzanja pakati pa kwathu ndi kwawo.

"Waona Tomoe? Zala zinayi basi. Pa ndege ola silingakwane."

Ndinaseka mpaka misozi. Ndinamuuza kuti ndege yolunjika kulibe: uyambe watsikira ku Sapporo, ukhale pa benchi mpaka msana uwawe, kenako ukwere ina n'kumapemphera kuti mphepo ya kwathu ikulole kutera. Iye anati wokama ng'ombe saopa kudikira.

Basi, ndinagwa naye m'chikondi...

Chaka chonse tinkakumana pakati, ku Sapporo. Iye ankabwera ndi tchizi, ine ndi kombu, ndere za m'nyanja zomwe bambo anga amakolola. Koma bambowo ananenetsa kuti sangapereke mwana wawo kwa munthu amene sanapondepo pachilumba.

Ulendo wake woyamba wobwera kwathu, ndege ya Shigeto inazungulira kawiri pamwamba pa denga lathu, mphepo inakana, n'kubwerera. Ndinaimika manja m'mwamba ngati wamisala. Bambo anangoti, "Mkamwini wa m'mitambo ameneyu, tizimuonera pansi pomwe pano."

Ulendo wachiwiri kunacha bwino, kopanda ndi kamphepo komwe. Bambo anavala suti yawo ya pamaliro, poti ina alibe, tinapita kukamuchingamira. Ndege inatera bwinobwino, anthu n'kumatsika mmodzimmodzi.

Foni inalira. Meseji ya Shigeto: "Pepa wokondedwa, atibwezanso. Mphepo ya kwanuko!"

Anzanga, ndege anaitchulayo inali patsogolo panga, mapiko ake ndikuwaona ndi maso angawa. Mnyamatayo anaiwala kuti kwathu nyengo imeneyi ndege imabwera imodzi patsiku, ndipo ikamatera ngakhale mphaka amadziwa.

Ndinamuimbira pomwepo. Kumbuyo kwake ndinamva ng'ombe ikulira.

"Shigeto, ng'ombeyo yakhala mpando wa pawindo?"

Apo ndiye anaulula. Ng'ombe yake ina inavutika kubereka m'mawa umenewo, sakanaisiya. Ankaopa kuti ndikamva ndiziti wasankha ng'ombe m'malo mwa ine.

Chinandipweteka n'chakuti bambo akanamumvetsa kuposa aliyense. Iwo anachedwa pa ukwati wawo womwe chifukwa nyanja inali bata ndipo kombu sadikira munthu. Shigeto akanangonena zoona, bwenzi pano tikumwa mkaka limodzi.

Bambo anamasula tayi n'kuiika m'thumba. "Mphepo timaikhululukira chaka chonse, mwanawe," anatero. "Koma uyu waisemera mlandu ili chigonere."

Ine ndi Shigeto tinasiyana sabata yomweyo. Ndinalira, sindikubisirani, ndipo tchizi chake ndimachisowabe.

Mwezi watha ndinadutsa pa mapu aja n'kuyalapo dzanja langa. Zikadali zala zinayi. Mtunda sunatilepheretse ayi, anzanga. Chinatilekanitsa ndi meseji imodzi ija.