Wotchi Yanga Inapita Kukasinja

Fodya atatikana chaka chachiwiri, ndinati basi, ndikupita ku Joni. Kumeneko ndinapeza ntchito yochapa ndi kusita. Kenako ndinapeza matenda.

Anayamba ndi mwendo wamanzere kukokeka, dzanja kunjenjemera, maso kuchita chifunga. Adokotala anati ndi MS, matenda a mitsempha osachiritsika, ongowanyengerera. Anandimanga kawotchi padzanja, kowauza pafoni mmene ndikuyendera ndi mmene dzanja likugwedezekera. "Osamavula, kupatula posamba," anatero. Ndinalira ndekha m'kachipinda kanga, koma kumudzi ndinkangotumiza ndalama ndi mawu akuti ndili gwa. Ndinkaopa kuti amayi akamva, mtima wawo wodwaladwala uja uwagwetsa.

Tsono pobwera kwathu kwa Kabudula patchuthi, ndinaiwala lamulo lathu: chimene wabwera nacho wa ku Joni n'cha banja lonse. Ine ndikusamba, azakhali anga a Nabanda anaitola wotchi ija pawindo.

"Ndingoyesako, mwanawe."

Azakhali ungawakanize? Ndipo uwakaniza bwanji osanena chifukwa? Ndinangowasiyira.

Anapita nayo kukasinja chimanga cha chinkhoswe. Mawa lake inakwera njinga ndi abambo kupita kumsonkhano wa akulu ampingo, pamsewu wa mabampu okhaokha. Lamulungu inabwerera kwa azakhali n'kukaomba m'manja mukwaya.

Lolemba tili pakhonde tikuswa mtedza, foni inalira. Adokotala, mawu ali m'mwamba: "Dzanja lako lafika poopsa! Bwerera msanga tisinthe mankhwala!"

Abale inu, ndinaseka mpaka kugwera pamphasa. Koma kuseka kuja kunasanduka kulira, ndipo ndinaulula zonse.

Azakhali anavula wotchi msangamsanga ngati yawawotcha. "Eti kanthuka n'kakazitape? Uwauze adokotala akowo kuti dzanja langa lilibe vuto, chondisautsa ine ndi msana."

Ine maso anali pa amayi, kudikira kuti akomoke. Iwo sanasiye n'komwe kuswa mtedza.

"Mwendowo tinauona tsiku lomwe unatsika minibasi," anatero. "Kodi ukuganiza n'chifukwa chiyani palibe wakutuma kumjigo? Mpando wako tinausendeza pafupi ndi chitseko. Tiyi timakuthirira theka kuti asakutayikire. Timangodikira kuti unene wekha."

Ine ndinkayesa kuti shuga wavuta pakhomo. Ndinasuzumira m'kapu yanga, ndipo tiyi analidi theka.