Kapinga wa Kuseri kwa Nyumba Yathu ku Nsungwi

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinayamba kudana ndi kapinga. Kuseri kwa nyumba yathu ya lendi ku Nsungwi, pamalo pamene anzathu akanadzala mpiru, bambo anga anadzalapo kapinga wofewa n'kukumba kadzenje pakati. Iwo ankamumeta ndi sizasi atagwada. Yothirira inali ntchito yanga, ndipo madziwo ndinkachita kusenza kuchokera kumpopi, khosi likuwawa.

Bambo ankanyamula zikwama za osewera gofu m'tauni. Masewerowo anaphunzira poonerera, n'kumayeserera Lolemba, tsiku limene onyamula zikwama ankaloledwa kusewera. Nthawi imeneyo kunkachitika mpikisano waukulu chaka chilichonse, wa akatswiri ochokera kunja, ndipo malo ochepa ankasiyira a konkuno amene apambana pa masewero odzigulira malo. Bambo anayesa zaka zambiri osatheka. Chaka chimenecho zinatheka.

Sabata yonse ankayenda ngati mnyamata. Amayi anawagulira malaya oyera a kolala pakaunjika, n'kuwasita mpaka kuwala. Koma mpikisano uli mawa lake, masana tinamva kulira kunyumba kwa a Mhango, iwo atatisiya. Madalawa anali a kwathu ku Rumphi, mkulu wa mpingo wathu, ndipo ndiwo anasunga bambo atangofika mu Lilongwe. Kwa ife akumpoto, munthu amene anakusunga umamuperekeza mpaka kumudzi, ukathire dothi ndi dzanja lako.

Amayi anayesa kuwanyengerera. "Bambo a Tiwonge, anthu amvetsa. Tumizani chipepeso, manda mukaona pambuyo."

"Ndizikamenya kampira anzanga akukumba manda?" anayankha bambo. "Mpikisano ubweranso chaka chamawa."

Anakwera lole ya maliro. Ikunyamuka anandikuwira kuti, "Tiwonge, usaiwale kuthirira!"

Chaka chamawacho kampani imene inkathandiza mpikisanowo inasiya. Poyamba ankati aupumitsa pang'ono chabe. Kenako anthu anangoleka kuutchula. Koma kwathu kuthirira sikunaleke, ndipo madzulo alionse ndinkamva kampira kakugwera m'kadzenje kaja. Nditafika fomu thu ndinatopa nazo. Ndinaponya ndowa pansi n'kunena kuti, "Adada, tikuthirira chiyani? Mpikisano wanu uja unafa kalekale."

Ndinkayembekeza mbama. Iwo anangotola ndowayo n'kupita okha kumpopi, kukaima pamzere wa azimayi amene ankawaseka mobisa. Anathirira choncho mpaka phewa lawo linayamba kukana, maso n'kuchita khungu.

Atakalamba ndinawafunsa ngati amanong'oneza bondo. "Ngakhale lero ndikhoza kukweranso lole ija," anatero. "Koma mwana wanga, zimawawa. Sindinadziwe ngati ndikanatha kulimbana nawo anthu aja, ndipo sindidzadziwanso."

Ku Sande sukulu ankatiphunzitsa kuti wochita zabwino amalandira mphotho yake. Ine ndinaona munthu atachita choyenera, n'kutaya chinthu chokhacho chimene ankachilakalaka, ndipo palibe anamubwezera. Ndi zimene ndimazimvetsa tsopano, ndipo sizinditonthoza. Achinyamata a ku Nsungwi ukawauza za mpikisano uja amayesa ukupeka. Pamene panali kapinga eni nyumba anamangapo bafa.

Malaya oyera aja amayi anawasunga m'sutikesi zaka zonsezo. Bambo anawavala kamodzi kokha, tsiku limene ifenso tinawakweza lole ya maliro kupita ku Rumphi.