Malungo a M'munda wa Mapira

Kuno kwa Ndamera ndine wapampando wa komiti ya sukulu, ndipo pakamwa pokha Mulungu sanandimane. Mapira atayamba kucha, ana anachepa m'makalasi, choncho tinaitana makolo. Ndinawakalipira mpaka thukuta kamukamu.

"Mwana si choopsezera mbalame! Mukudya tsogolo la ana anu!"

Amayi anaimba nthungululu. Kenako aphunzitsi aakulu anafunsa mwaulemu, "Nanga mwana wanu Esinati, bambo? Sabata ino sitinamuone."

"Malungo," ndinatero mosaphethira. "Sakudzuka n'komwe."

Ndinaiwala kuti munda wanga unachita malire ndi bwalo la sukulu. Nthawi yomweyo chitini chinalira m'mapiramo, ndipo panamveka mawu amene mudzi wonse umawadziwira kukwaya: "Haaa! Chokani, mbava inu!"

Mpata wopepesa unalipo. Koma ine ndinapukusa mutu mwachisoni n'kunena kuti, "Mwamva? Afika kumutu."

M'mawa mwake Esinati anabwerera m'kalasi. Chitini chija ndikuimba ndine tsopano, padzuwa la kuchigwa kuno. Ana akamadutsa amagwada mwaulemu n'kufunsa, "Apampando, malungo ali bwanji lero?"