Mpesa wa Pathandala

Chitini chija ndimachionabe m'maso mwanga: cha palafini, chodula pakati, chadzimbiri m'milomo, pansi pake ataboola ndi msomali. M'menemo ndi momwe munakhala mpesa wa bambo anga chilimwe chonse cha chaka chomwe ndinayamba sukulu, nthawi ya Chitaganya.

Bambo ankasamala maluwa kwa mzungu wina ku Chileka, kufupi ndi bwalo la ndege, ndipo kwathu ku Lirangwe ankabwera Loweruka lokha. Tsiku lina m'nyengo yozizira anafika ndi kamtengo kouma gwa, atakakulunga m'chiguduli chonyowa. Mzunguyo anali atadulira mipesa yake, nthambi n'kutaya kudzala. Amayi anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Anzanu akubwera ndi shuga, inu ndi nkhuni imodzi!" Koma pofika Seputembala kamtengo kaja kanatulutsa timasamba taubweya, tofewa ngati khutu la mwana wa mbuzi.

Nkhani inavuta pa malo obzala. Loweruka lililonse bambo ankanyamula chitini kuzungulira nacho pakhomo, ine pambuyo ngati mchira. Pansi pa mango, ati mthunzi. Kuseri kwa khola, mbuzi. Kufupi ndi chulu, chiswe. Kubafa madzi analipo, koma ati sopo amawotcha mizu. Ankafukula dothi ndi chala, kulinunkhiza, kuyang'ana kotulukira dzuwa, kenako chitini n'kubwerera pakhonde. Ine ndinkangoti bambowa ngovuta. Lero ndikudziwa kuti dothi linalibe mlandu.

Pamudzi paja panali pa amayi. Bambo anali mkamwini chabe, makolo awo anachokera ku Mozambiki, ndipo mwini mbumba anali amalume. Ndisawanamizire poti anamwalira, amalume sankadana ndi bambo, koma pa nkhani ya malo analibe chibwana. Mkamwini alime chimanga, abzale nandolo, izo zimatha ndi chaka. Mtengo ayi, chifukwa mtengo umakhalitsa, ndipo mawa abale a mwamuna adzauloza n'kumati apa mpathu. Tsiku lina amalumewo anatipeza tikuzungulira ndi chitini chathu. "Mlendo ndi mame, alamu," anatero. "Zam'chitini zikhale m'chitini." Bambo anavula chipewa n'kuseka. Kuseka kumeneko kumandiwawa mpaka lero.

Okutobala anabwera ndi dzuwa loswa mtengo. Nyenje zinkalira mpaka m'makutu kuwawa, mchenga ukutentha kumapazi. Mizu ya mpesa inayamba kusuzumira m'mabowo a chitini, masamba akuchita chikasu. Kenako bambo anafika Lachitatu, fumbi mpaka m'mawondo, ndipo sanabwererenso ku Chileka. Mzungu uja anali atagulitsa malo n'kumapita. Ine palibe anandiuza. Ndinangosangalala kuti bambo akugona pakhomo masiku onse, ngakhale ankangokhala pakhonde duu, kumvetsera sitima ikamadutsa.

Mvula yoyamba itagwa, dothi likununkhira, nkhuku zikuthamangitsa inswa pabwalo, bambo anatenga khasu m'mawa n'kukumba pafupi ndi thandala, pomwe ndinkatsukira mbale ndi phulusa. Amalume anatulukira, nkhope ili ndwii. Bambo sanasiye kukumba. "Si wanga uyu, alamu. Ngwa mbumba yanu iyi." Analoza ine. Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali. Mwana wamkazi pamudzi pa mayi ake si mlendo. Amalumewo anangokanda m'mutu n'kunena kuti dzenjelo lachepa.

Chitini bambo anachita kung'amba ndi chikwanje kuti mizu isagwedezeke. Anagwira manja anga n'kuwakanikiza padothi lozizira, kuti wobzala ndikhale ine. Koma ine, kupusa kwa ubwana, ndinanyinyirika. Malo onse aja, tazungulira chilimwe chonse, basi mpesa wanga ukakhale pamatope, pomwe abakha amasewera? Bambo anati, "Ukamatsuka mbale, uzitsukira pompano. Basi."

Sabata isanathe anakwera sitima, ulendo wa ku Halale kukafuna ntchito. Makalata anabwera awiri, kenako zii. Anatchona, ndipo manda awo sindiwadziwa. Mpesa unakwera thandala, patapita zaka zitatu n'kubala timphesa tating'ono towawasa. Woyamba kulawa anali amalume, akutsinzina ngati alumidwa ndi mavu, koma anathyolanso kachiwiri.

Ndinali nditakula kale, ndili ndi ana anga, pamene ndinazindikira chomwe bambo ankafuna pakhomo paja. Ankafuna malo omwe mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri angathirire mpesa tsiku ndi tsiku popanda womukumbutsa. Koma m'mawa womwe tinabzala uja ndinathamanga kukadzitama kwa anzanga kuti ndili ndi mtengo wangawanga. Pobwerera ndinapeza amayi akuchapa malaya onse a bambo nthawi imodzi, mitambo ili bii, ndipo ndinawaseka kuti sauma.